Njerwa, chitsime ndi batire: ndani amatiyezera ku Mzuzu kuno?

Khoma la khitchini ya achemwali anga ku Mchengautuwa linagwa usiku, mvula itavumba masiku atatu osaleka. Mulungu ndi wabwino, munalibe munthu. Kutacha ndinatola njerwa imodzi pa mulu wa zogumukazo n'kuifinya m'manja, ndipo inanyenyeka ngati chigumu chogonera. Sizinali njerwa zootcha ayi. Zinali zija za dothi losakaniza ndi simenti, zopanikiza pa makina, zomwe takhala tikuuzidwa kuti ndizo zipulumutse mitengo yotsala ya m'nkhalango ya Kaning'ina. Achemwaliwo anazigula mokondwa, podziwa kuti akuchita chinthu chabwino. Tsiku logula, alamu anafunsa woumbayo kuti thumba limodzi la simenti limatulutsa njerwa zingati. Iye anayankha kuti, "Zimatengera, bambo."

Mawu amenewa ndimawamva paliponse mumzinda uno. Mukafunsa wogulitsa sola kuti batire ili likhala zaka zingati, zimatengera. Mukafunsa mwini chitsime ngati madzi ake ndi abwino kumwa, zimatengera nyengo. Anthuwa sanama kwenikweni, chifukwa zimatengeradi. Koma zimatengera chiyani, ndipo mochuluka bwanji? Funso limeneli ndilo ntchito ya asayansi ndi mainjiniya, ndipo ndikuti kafukufuku amene Mzuzu akusowa kwambiri lero ndi wa mtundu umenewu: woyeza zinthu zomwe tikumangira, tikumwa ndi kuphikira kale, n'kubweza yankho kwa mwini chinthucho m'chilankhulo chimene iye amamva. Zopanga zatsopano zibwere, sindikuzikana. Koma tayamba kukonda kwambiri zionetsero, pomwe wophunzira amaima pafupi ndi kamakina kake, akuluakulu n'kuomba m'manja, atolankhani n'kujambula, kenako kamakinako n'kukachita dzimbiri kuseri kwa ofesi. Ntchito yoyeza ilibe m'manja mowomberedwa. Ndi yotopetsa, yobwerezabwereza. Komabe khoma la achemwali likanaima chifukwa cha iyo.

Njerwa ya dothi ndi simenti si chinyengo. Ikapangidwa bwino imalimba ndithu, ndipo nzeru yake si yobisika. Dothi lake liyenera kukhala ndi mchenga wochuluka kuposa dongo, chifukwa dongo limafufuma likanyowa n'kufota likauma, ndipo simenti yochepa siingaligwire. Munthu angathe kuona zimenezi ndi botolo wamba: kuthiramo dothi ndi madzi, kukhutchumula, n'kulisiya, mchenga umakhala pansi msanga, dongo limatsalira pamwamba. Njerwa ikatuluka pa makina sifunika kuiyanika padzuwa ngati chimanga. Imafunika kukhala yonyowa, yofunditsidwa, chifukwa simenti imalimba pomwa madzi pang'onopang'ono, ndipo mainjiniya amawerenga masiku 28 asananene mphamvu yake. Kuyesa kwake nakonso n'kodziwika: kuviika njerwa m'madzi tsiku lathunthu, kenako kuipanikiza pa makina mpaka itasweka, n'kulemba kulemera kumene yapirira. Woumba wa ku Sonda kapena ku Dunduzu amene akuthamangira kugulitsa alibe pokayesetsa pafupi pa mtengo umene angakwanitse. Ndiye amachepetsa simenti pang'ono, palibe chachitika, mawa achepetsanso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo wogula amadziwa mvula itabwera.

Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda. Ndimagwirizana nawo. Aliyense amene anaonapo milu ya nkhuni zimene uvuni umodzi umameza sangatsutse. Koma kuletsa chakale popanda woyeza chatsopano ndi kupereka msika kwa amene amaba simenti, chifukwa njerwa zake ndizo zimatsika mtengo. Ndipo mzinda uno si wouma. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira nyumba zimene zinagwa ndi mvula m'madera ngati Masasa ndi Chibavi. Katondo wa pa chitunda sali ngati dothi la m'dambo, ndipo muyeso wa simenti umene ungagwire ku Katoto mwina sungagwire ku Chiputula. Bukhu lolembedwa ku India kapena ku Kenya silingatiuze zimenezo. Payenera kupezeka munthu wokumba dothi la kuno, dera ndi dera, n'kulemba.

Pali chinanso chimene chimandiwawa ndikamadutsa pa zigayo za mpunga. Mankhusu a mpunga wa ku Karonga amangotayidwa kapena kutenthedwa mwachisawawa, chonsecho phulusa lake lili ndi silika wochuluka, chinthu chimene chimapezekanso mumchenga, ndipo likatenthedwa pa moto woyenera, wosapitirira kwambiri, limatha kulowa m'malo mwa gawo lina la simenti. Zimenezi asayansi anazidziwa kalekale. Chimene sitikudziwa ife ndi ng'anjo yotani imene mmisiri wa kuno angamange ndi zipangizo za pa Zigwagwa kuti moto ukhale pa muyeso umenewo, ndiponso phulusa lochuluka bwanji lingalowe m'njerwa yathu isanayambe kufooka. Funso laling'ono, koma thumba la simenti mukudziwa nokha pomwe lafika.

Nkhani ya madzi ndiyo imandiopsa kuposa zonse, chifukwa njerwa yofooka umaiona itagwa, pomwe madzi oipa amaoneka oyera mpaka mwana atayamba kutsegula m'mimba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mumzinda uno, ndipo chiwerengerocho chakwera. Damu la Lunyangwa, kumene madzi a m'mipopi amachokera, silinakule mofanana nawo. Mpopi ukauma, kapena kumene mapaipi sanafike, anthu amatunga pa zitsime zosazama za kuseri kwa nyumba, ndipo m'maploti opanikizana chimbudzi cha aneba chimakhala chapafupi. Kumadambo, nthawi ya dzinja, madzi a pansi amakwera mpaka dzenje la chimbudzi ndi chitsime zimakhala ngati zikumwera mtsuko umodzi. Asayansi amafufuza kachilombo kotchedwa E. coli, kamene kamakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Kakapezeka m'madzi ndiye kuti chimbudzi chafikamo, ndipo njira imene kadutsa ndi yomweyo imene kolera ndi taifodi zimadutsa. Muyeso wa bungwe la World Health Organization ndi wosavuta kuukumbukira: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Kuyeza kwake ndi kutenga madziwo, kuwaika pa chakudya cha tizilomboto, n'kuwasunga pofunda ngati thupi la munthu usiku ndi usana umodzi. Mawa lake yankho limaoneka ndi maso.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo abale athu a ku Nkhata Bay, pafupi pompa, anaiona ndi maso. Nthawi imeneyo tonse tinathira klorini m'ndowa. Mliri utatha, ambiri tinaleka, chifukwa fungo lake silikoma komanso palibe amene anatiuza kuti chitsime chathu chenichenicho, osati zitsime za m'Malawi mwachisawawa, chili ndi vuto. Uthenga wa pa wailesi umalankhula kwa aliyense, ndiye aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. Koma mayi akaona yekha kuti madzi a pa chitsime chake asintha mtundu m'kabotolo, pomwe a pa mjigo wa kusukulu sanasinthe, safunanso womulalikira.

Ndisanamiziridwe kuti ndikunena kuti palibe chikuchitika. Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga ili ndi nthambi yofufuza za madzi ndi ukhondo, ilinso ndi dipatimenti ya zamphamvu za magetsi imene yaphunzitsa achinyamata ambiri amene lero akuika sola m'zipatala ndi m'masukulu. Ku Lunyangwa kuli malo a boma ofufuzira zaulimi. SMART Centre, ya mpingo wa CCAP, yaphunzitsa amisiri kukumba zitsime ndi manja ndi kupanga mapampu a chingwe. Anthu odziwa alipo, ndipo ena amagwira ntchito ndi zipangizo zoti wina akanagwa nazo mphwayi kalekale. Vuto langa ndi njira imene zopeza za kafukufuku zimayenda m'dziko muno. Zimachoka pa chitsime kupita m'labotale, kuchoka m'labotale kupita m'magazini ya Chingerezi yosindikizidwa kunja, n'kukathera pa msonkhano wa mu hotela kunyanja. Mwini chitsime, amene anatsegula geti n'kupereka mpando kwa alendowo, amatsala akudikira. Njirayo iyenera kukhota n'kubwerera pakhomo pamene inayambira.

Ena amati anthu wamba sangamve za tizilombo tosaoneka. Amenewo sanaonepo agogo akuviika chinangwa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo amayi a m'mbali mwa nyanja akhala akumuchotsa kwa mibadwo: kusenda, kuviika masiku angapo mpaka chitafewa, kufinya, kuyanika, ndiye ufa wa kondowole. Amene amagwira ntchito m'madzi oviikirawo ndi tizilombo tomwe timafewetsa chinangwa kuti poizoniyo atuluke. Thobwa ndi chimodzimodzi. Amayiwa amadziwa kuti nthawi yozizira chinangwa chimachedwa kufewa, ngakhale sangatchule dzina la kachilombo. Chimene wasayansi angawonjezere ndi nambala: mu Juni, pa kuzizira kwa Mzuzu, masiku angati ndiwo okwanira, poyerekeza ndi kutentha kwa ku Chintheche? Wofulumira kukagulitsa akavuula tsiku limodzi msanga, poizoni wotsala ndi wochuluka bwanji? N'chimodzimodzinso chuku mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino m'chinyontho chathuchi. Poizoni wa chuku safa ndi moto wophikira ndipo amawononga chiwindi, chonsecho mtedza wosankhidwa woipa uja ndi umene nthawi zambiri umasinjidwa n'kukalowa m'phala la mwana. Mayi amene wauzidwa zimenezi ndi umboni m'manja sachedwa kusintha.

Tibwere ku magetsi. Ambiri mwa magetsi athu amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumpoto kuno tili ndi Wovwe ku Karonga, wa mamegawati osakwana 5. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ometa, owotcherera ndi azigayo a ku Luwinga anakhala manja lende chifukwa cha madzi osefukira ku Chikwawa. Kuyambira pamenepo aliyense amene ali ndi kangachepe amathamangira sola. Ndiye pitani mumsika mukaone. Mapanelo olembedwa mawati 100, ena aakulu, ena aang'ono, onse nambala imodzi. Mabatire olemera ndi opepuka, chizindikiro chofanana. Kuyeza panelo sikufuna nyumba yosanja: dzuwa la masana, kamita koyezera ndi munthu wodziwa kuwerenga. Batire amalidzaza, n'kulikhuthula ndi babu lodziwika mphamvu yake, n'kuwerenga maola. Mphunzitsi wa pulayimale amene wasonkha malipiro a miyezi itatu kuti ana ake aziwerenga usiku ayenera kukhala ndi pomwe angapite ndi katundu wake asanataye lisiti. Pakali pano, batire likafa patatha miyezi inayi, iye amangoti sola ndi yabodza, n'kuuza anzake khumi.

Kuphika ndiko kumadya mitengo yathu, osati kuunikira. Pafupifupi nyumba iliyonse mumzinda uno imadalira makala kapena nkhuni, ndipo njinga zimene zimatsika nawo m'mamawa tonse timaziona. Chonsecho kufupi kuno kuli Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala oposa 50,000, komwe ocheka matabwa asiya milu ya utuchi kwa zaka zambiri. Magulu ambiri ayesapo kupanga makala a utuchi, omata ndi phala la chinangwa. Bwanji sanalande msika? Funsani amayi, akuuzani mosazungulira: phulusa limachuluka, amanyenyeka m'thumba, akanyowa ndiye basi, ndipo sapsetsa nyemba. Kwa ine mawu akuti sapsetsa nyemba ndi lipoti la kafukufuku lathunthu. Injiniya wanzeru angayambire pomwepo: mbaula imodzi, mphika umodzi, nyemba zofanana, sikelo ndi wotchi, n'kumasintha kuuma kwa utuchi, kuchuluka kwa chomatira ndi mphamvu yopanikizira, mpaka atapeza makala amene mayi wa ku Zolozolo angagule ndi ndalama yake popanda bungwe lomukankha. Ikhoza kukhala ntchito ya zaka ziwiri yosatulutsa chithunzi chokongola ngakhale chimodzi.

Gasi wa ndowe nayenso ali ndi phunziro lake. Amene amapanga gasiyo ndi tizilombo tomwe timadya ndowe m'thanki yotsekedwa, ndipo timagwira bwino ntchito pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35. Mzuzu ali pamwamba, mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi timagona ndi mabulangete awiri. Thanki imene imachita bwino ku Salima ikhoza kufooka kuno miyezi imeneyo, mwini wake n'kuganiza kuti anamunamiza. Kodi ikwiriridwe mozama bwanji, ifunditsidwe ndi chiyani, ndowe zisakanizidwe ndi madzi ofunda padzuwa? Makoko a khofi wa alimi athu angathandize kapena angawawitse thanki? Mayankho ake sangapezeke kwina kulikonse koma pa dothi lozizira lomwe lino.

Dziko lonse linamva za a Colrerd Nkosi a m'mudzi wa Yobe Nkosi, amene anayamba ndi dayinamo ya njinga pa kamtsinje mpaka kuunikira mudzi wawo. Tinawayamikira, ndipo anayenera. Koma munthu wotere kuyamika kokha sikumukwanira. Afunika wina woyeza madzi a mtsinjewo mu Okutobala pomwe aphwera, woona ngati mawaya akutaya mphamvu panjira, wothandiza kuti mphamvu isakwere n'kuotcha mawailesi a anthu. Mitsinje yotsika m'mapiri a Viphya ndi yambiri, ndipo anyamata ofuna kutsanzira alipo. Wowaphunzitsa kuyeza ndiye angachititse kuti nzeru ya munthu mmodzi ifike m'midzi makumi.

Tsono ndikupempha chiyani? Malo amodzi, ngakhale chipinda chimodzi pafupi ndi msika, otsegula masiku odziwika pa sabata, pomwe munthu angabweretse njerwa, botolo la madzi, panelo, batire kapena thumba la makala, n'kulipira ndalama yochepa, n'kulandira yankho pa pepala la Chichewa kapena Chitumbuka, limodzi ndi malangizo a chochita. Ogwira ntchito akhale ophunzira a chaka chomaliza a ku Yunivesite ya Mzuzu ndi a ku Mzuzu Technical College, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, ndipo khonsolo ya mzinda ipereke malo. Zolembedwa zonse zisungidwe chaka ndi chaka.

Ndikudziwa zimene anzanga ophunzira anganene. Choyamba, kuti kuyeza si kafukufuku, ndi ntchito ya a Malawi Bureau of Standards. N'zoona kuti bungwelo ndilo limaika miyeso ndi kuvomereza katundu, ndipo liyenera kukhala nawo pa ntchitoyi. Koma malabotale ake akuluakulu ali ku Blantyre, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo woumba njerwa 500 pa sabata sadzanyamula katundu wake kupita kumeneko. Komanso amene akuti kuyeza si kafukufuku aganize bwino. Munthu atakhala ndi zolemba za zitsime 300 za Mzuzu, dzinja ndi chilimwe, kwa zaka 10, ali ndi chuma chimene pulofesa wa ku London alibe ndipo sangachipeze pa kompyuta. Mapepala a m'magazini, amene aphunzitsi amakwezedwa nawo pa ntchito, angatuluke mmenemo ambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini chitsime wayamba ndiye kumva.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa sindingapeputse. Mayiko a mu Africa anagwirizana zoti aziika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chawo pa kafukufuku. Yunivesite ya Mzuzu, imene laibulale yake inapsa mu Disembala 2015, ili ndi mabala akeake ofuna kupoletsa. Kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi abwenzi akunja, ndipo wolipira ndiye amasankha funso. N'chifukwa chake ntchito zambiri zimatha pa zaka zitatu, galimoto n'kubwezedwa. Koma makina oswera njerwa, kabokosi kofunditsira tizilombo, sikelo ndi mamita angapo, zonse pamodzi sizingafike pa mtengo wa galimoto imodzi ya bwana. Tili ndi National Commission for Science and Technology, tili ndi masomphenya a Malawi 2063 amene akulankhula za mafakitale. Fakitale imayamba ndi munthu wotha kupanga chinthu chofanana lero ndi mawa, ndipo zimenezo sizitheka popanda muyeso.

Chachitatu ndicho chimandivuta ine mwini, ndipo ndachiganizira nthawi yaitali. Kodi malo oterewa sangasanduke chikwapu chokwapulira osauka? Woumba njerwa wolephera mayeso alandidwe makina, mayi wa chitsime choipa atsekeredwe popanda mpopi wolowa m'malo, kapena chidindo chiyambe kugulitsidwa kuseri? Zoterezi tinaziona m'malo ena ndipo zingachitike. N'chifukwa chake ndikuti yankho lizipita kwa mwini chinthu poyamba, ngati uphungu, osati kwa apolisi. Oumba ambiri sakufuna kupha munthu. Sadziwa kuti malire ali pati. Mukamuonetsa kuti atasefa dothi n'kufunditsa njerwa masabata oyenera akhoza kulimbitsa katundu wake osawonjezera simenti yambiri, mwamupatsa chonenera kwa makasitomala. Ndipo kuyesako kuzichitika poyera, mwini wake ali pomwepo akuona njerwa yake ikusweka. Chinthu choonedwa ndi anthu khumi n'chovuta kuchigula ndi chiphuphu. Za chitsime, yankho loipa silitanthauza kutseka. Litanthauza klorini lero, chivundikiro ndi simenti ya pakamwa mawa, ndi umboni woti mfumu ya dera ikaugwiritse ntchito pokapempha mapaipi.

Achemwali anamanganso khitchini yawo mwezi wathawu. Anagula njerwa zootcha, za pa uvuni wa kuseri kwa phiri, ndipo nkhuni zake tonse tikudziwa kumene zinachokera. Ndinayesa kuwauza kuti vuto silinali mtundu wa njerwa koma kapangidwe kake. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukanadziwa bwanji kuti izi n'zabwino, izi n'zoipa?" Ndinalibe yankho. Njerwa zitatu za khoma lakugwalo ndinazinyamula m'thumba la feteleza, zili kuseri kwa chitseko kwathu ku Katawa, ndipo ndikufunabe kudziwa kuti simenti inalimo yochuluka bwanji.